Laisensi ya TV ku South Africa: mafunso ndi mayankho kwa Amalawi okhala ku Johannesburg

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwera mobwerezabwereza pakati pa Amalawi kuno ku Joni, makamaka munthu akabwezedwa kusitolo chifukwa alibe laisensi, kapena akalandira uthenga pafoni womukumbutsa za ngongole imene sankaidziwa. Tayamba ndi mafunso a tsiku ndi tsiku, kenako tafika pa funso lalikulu loti ndalama yokakamizayi ndi yoyenera kuisunga kapena ayi.

Kodi laisensi ya TV n'chiyani, ndipo ndalamayo imapita kuti?

Ndi ndalama imene lamulo la South Africa limalamula kuti aliyense wokhala ndi TV azilipira chaka chilichonse. Lamulolo ndi Broadcasting Act la chaka cha 1999, gawo 27, ndipo amene amatolera ndalamayo ndi SABC, bungwe loulutsa mawu ndi kanema la dziko lino, lomwe likulu lake lili ku Auckland Park, konkuno ku Johannesburg. SABC idakhazikitsidwa mu 1936 ngati wailesi, ndipo kanema adayamba mochedwa, mu Januwale 1976. Lero ili ndi SABC1, SABC2, SABC3, njira ya nkhani youlutsa usana ndi usiku, komanso mawailesi 19. Wailesi ya mawu okha silipiridwa laisensi, ngakhale kuti nayonso imayendetsedwa ndi bungwe lomweli.

Ndi ndalama zingati, ndipo amalipira bwanji?

Laisensi ya pakhomo ndi R265 pachaka, mtengo umene sudasinthe kuyambira mu 2013. Mukaigawa pa miyezi 12 imakhala pafupifupi R22 pamwezi, ndipo patsiku siifika ngakhale R1. Chaka choyamba mumalipira yonse pakamodzi, koma zaka zotsatira mutha kulipira R28 mwezi uliwonse, ngakhale kuti njira imeneyi imakwera mtengo pang'ono chaka chikamatha. Pali mtengo wotsika wa R74 wa okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo ndi ena olandira chithandizo cha boma chifukwa cha ukalamba kapena ulumali, koma umenewu munthu amachita kupempha. Ndalamayi amalandira m'masitolo akuluakulu, kubanki ndi pa intaneti.

Laisensi imodzi imakwanira ma TV onse a banja limodzi lokhala pakhomo pamodzi. Amalonda okha, monga malo ogona alendo ndi malo odyera, ndiwo amalipira TV iliyonse payokha.

Ine si nzika ya dziko lino. Kodi lamuloli likundikhudza?

Likukukhudzani. Lamulo silifunsa kumene mudabadwira, limafunsa ngati muli ndi TV, ndipo mlendo amalembetsa laisensi ndi nambala ya pasipoti monga mmene nzika imalembetsera ndi chitupa chake. Chimene chimasokoneza ambiri a ife ndi kakhalidwe ka m'nyumba za lendi. Ngati mumagwira ntchito pakhomo pa abwana ku Randburg ndipo muli ndi TV yanuyanu m'chipinda chakuseri, laisensi ya abwanawo siikuphimbani, chifukwa inu ndi banja lina. N'chimodzimodzi kwa anthu osakhala pachibale amene agawana zipinda za fuleti imodzi ku Yeoville, ku Berea kapena ku Rosettenville, aliyense ali ndi TV yake.

Ena amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye palibe chifukwa cholowera m'kaundula wa dziko la eni. Koma ambiri a ife takhala kuno zaka khumi kapena kuposa, ana athu amaphunzira sukulu zakuno, ndipo nkhani za zitupa, za zipatala ndi za chitetezo chathu timazimva pa mawailesi omwewa.

Ndimalipira kale DStv, ndipo SABC sindiionera. Ndilipirenso chifukwa chiyani?

Chifukwa laisensi si malipiro a zimene mwaonera. Lamulo lidamangirira ndalamayi pa chipangizo chimene chingathe kulandira kanema woulutsidwa, kaya mwachiyatsa kaya chili m'katoni. Zimene mumalipira ku DStv mwezi ndi mwezi ndi za kampani ya MultiChoice, ndipo dikoda ya Openview, yomwe silipiridwa pamwezi, nayonso sikuchotserani udindowu. Ngakhale TV yamakono imene mumangoonerapo YouTube ndi Netflix imafuna laisensi ngati ili ndi kachipangizo kolandirira kanema woulutsidwa. Koma foni, laputopu, ndi sikirini ya kompyuta yopanda kachipangizoko sizifuna laisensi, ngakhale mutaonerapo mapulogalamu a SABC usiku wonse kudzera pa SABC Plus, njira yake ya pa intaneti. Apa ndi pamene pali mng'alu waukulu wa dongosolo lonseli, ndipo tibwererapo pa mafunso akumapeto.

Ndikufuna kugula TV yotumiza kumudzi. Nanga apa laisensi ikubwera bwanji?

Funso ili ndi lathu kwambiri, chifukwa mabasi ndi matransipota odutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda mpaka pa Mwanza kapena pa Dedza amanyamula ma TV ambiri, makamaka chaka chikamatha. Lamulo limaletsa sitolo kugulitsa TV kwa munthu wopanda laisensi yolipiridwa, ndipo wogulitsa amayamba waona m'kompyuta ngati dzina lanu lili bwino. Choncho ambiri amalipira R265 pomwepo kuti atuluke ndi katunduyo, n'kuiwala za nkhaniyo.

Vuto limabwera chaka chotsatira. Kaundula sadziwa kuti TV ija ili ku Mzimba kapena ku Mangochi, choncho amaona ngati mukadali nayo, ndipo ngongole imayamba kukula pa dzina lanu. Ngati mulibe TV ina kuno, lemberani a SABC msanga kuti atseke laisensiyo, mutaphatikiza afidaviti yolumbira kupolisi yofotokoza kumene TV idapita, ndipo sungani lisiti la sitolo, la transipota ndi mapepala a pachipata. Tikukupemphaninso kuti musabwereke chitupa cha mnzanu pogula, chifukwa mavuto onse otsatira adzagwera iyeyo.

Ndikapanda kulipira chimachitika n'chiyani?

Ngongole imaonjezeredwa chilango cha 10 pa 100 mwezi uliwonse mpaka kufika pa 100 pa 100 m'chaka, kutanthauza kuti imatha kuwirikiza. SABC imapereka maina kwa makampani otolera ngongole, amene amatumiza mauthenga ndi kuimba foni mosalekeza, ndipo simungagule TV ina m'sitolo musanakonze nkhaniyo. Lamulo limanenanso za chindapusa chosapitirira R500 kapena ndende yosapitirira miyezi 6 kwa wopezeka wolakwa kukhoti, ngakhale kuti kutengera munthu kukhoti pa R265 kumadya ndalama zambiri kuposa zimene zikufunidwazo. Mukalandira uthenga wa ngongole, musatumize ndalama ku akaunti iliyonse imene mwauzidwa musanatsimikize ndi a SABC enieniwo.

Timamva kuti anthu ambiri salipira. Nanga SABC ikuyenda bwanji?

N'zoona. M'zaka zaposachedwa malipoti a SABC yomwe akhala akuonetsa kuti ndalama zoposa 80 pa 100 zilizonse zimene imayembekezera ku laisensi sizilowa. Gawo lalikulu kwambiri la ndalama zake limachokera kwa otsatsa malonda, laisensi imabwera pambuyo patali, ndipo thandizo lokhazikika la boma ndi lochepa kuposa pamenepo. Zotsatira zake zimaoneka. Mu 2019 boma lidavomera kuipatsa R3.2 biliyoni kuti isagwe, mu 2021 antchito oposa 600 adachoka pa ntchito pofuna kuchepetsa ndalama zotuluka, ndipo m'chaka chachuma cha 2022/23 idaluza ndalama zoposa R1 biliyoni. Yakhalanso ndi ngongole yaikulu ku Sentech, kampani ya boma imene imafalitsa mawu ndi zithunzi zake kudzera pa nsanja za m'dziko lonse.

Pali chinthu china chimene anthu sachiona msanga. Wailesi ya anthu onse ikamadalira otsatsa malonda, imayamba kusankha mapulogalamu potengera zimene otsatsawo akufuna, ndipo iwo amafuna oonera okhala ndi ndalama m'thumba, osati agogo a ku Limpopo kapena mwana wa sukulu wa ku Diepsloot. Choncho kusalipira laisensi sikupha SABC lero, koma kumaisandutsa pang'onopang'ono kukhala wailesi ya malonda ngati zina zonse.

N'chifukwa chiyani anthu adataya mtima wolipira?

Zifukwa zilipo zingapo, ndipo sizolemera mofanana. Ulova ndi umphawi ndi zenizeni, moti banja limene likuwerengera ndalama ya buledi ndi ya takisi silingaike R265 patsogolo. Palinso kuona kuti mnansi salipira koma palibe chimene chimamuchitikira. Koma bala lalikulu lidabwera ndi kayendetsedwe ka bungwelo m'zaka zimene Hlaudi Motsoeneng anali mkulu woyendetsa ntchito za tsiku ndi tsiku. Mu Febuluwale 2014 Thuli Madonsela, yemwe anali Public Protector (wofufuza madandaulo a anthu pa mabungwe a boma), adatulutsa lipoti lonena kuti Motsoeneng adanama za maphunziro ake ndiponso kuti malipiro ake adakwezedwa mosatsata ndondomeko, kuchoka pa R1.5 miliyoni kufika pa R2.4 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 2016, chisankho cha makhonsolo chili pafupi, SABC idalengeza kuti sidzaonetsanso zithunzi za anthu owononga katundu pa zionetsero, ndipo atolankhani 8 amene adatsutsa mchitidwewu adalangidwa. Bungwe loyang'anira zoulutsa la Icasa lidalamula kuti chiletsocho chichotsedwe, Nyumba ya Malamulo idafufuza bodi ya SABC, ndipo Motsoeneng adachotsedwa ntchito mu 2017.

Munthu amene adaona zonsezi n'kunena kuti ndalama yake sadzaiperekanso sitingamunene kuti ndi wopanda nzeru. Komabe tiyenera kuonanso mbali ina ya nkhani yomweyo: amene adaimitsa zoipazo anali atolankhani a SABC yomwe, makhoti, Icasa ndi aphungu, ndipo adatha kutero chifukwa lamulo limati wailesiyo ndi ya anthu, si ya chipani cholamula.

Kodi pali chimene SABC imachita chimene kanema wa malonda wa e.tv, DStv kapena intaneti sizingachite?

Chilipo, ndipo chachikulu chili pa wailesi ya mawu, imene anthu amaiiwala akamakangana za laisensi. Ukhozi FM imaulutsa m'Chizulu kwa anthu mamiliyoni, ndipo yotereyi ikhoza kudzidalira ndi malonda. Koma ganizirani za Phalaphala FM ya Chivenda, Munghana Lonene FM ya Chitsonga, Ikwekwezi FM ya Chindebele, Ligwalagwala FM ya Chiswati, ndi X-K FM ya ku Northern Cape imene imatumikira anthu ochepa a mitundu ya !Xun ndi Khwe. Palibe wamalonda amene angatsegule wailesi ya anthu ochepa chotero, chifukwa phindu mulibe. Nkhani za pa TV m'zilankhulo zonsezi, kumasulira m'chinenero chamanja, maphunziro a ana a sukulu, ndi nthawi imene zipani zazing'ono zimapatsidwa pa chisankho, zonsezi zimadya ndalama popanda kubweza.

Ifenso tili ndi gawo lathu. Channel Africa, wailesi ya SABC youlutsira maiko akunja, yomwe kale inkatchedwa Radio RSA, yakhala ikuulutsa m'Chinyanja kwa zaka zambiri. Ndipo amene tidali kuno mu Malichi 2020 tikukumbukira kuti pamene Pulezidenti Cyril Ramaphosa ankalengeza za kutsekedwa kwa dziko chifukwa cha Covid-19, anthu opanda dishi ndi opanda bandulo ya intaneti adamva malamulowo pa wailesi ndi kanema waulere, m'zilankhulo zimene amazimva. Kwa mlendo, amene kulakwitsa lamulo limodzi kungamubwezetse kwawo, uthenga wolondola wotero ndi wamtengo wapatali.

Bwanji boma lisangoipatsa ndalama za m'bajeti, monga zimakhalira ndi MBC kwathu?

Mmalawi aliyense wamkulu ali ndi yankho la funsoli m'makutu mwake. MBC, yomwe idayamba mu 1964 ndipo pambuyo pake idaphatikizidwa ndi Television Malawi imene idatsegulidwa mu 1999, imadalira ndalama za boma ndi za otsatsa malonda. Idatichitira zabwino zambiri: mauthenga achisoni ankafika kumudzi kusanakhale mafoni a m'manja, alimi ankaphunzira za mbewu, ndipo masewero a pawailesi ankasonkhanitsa mabanja madzulo. Koma pa ndale, dandaulo lakhala limodzimodzi kuyambira nthawi ya chipani chimodzi kudzafika m'maboma onse otsatira, lakuti wailesiyo imayamikira amene ali pampando ndi kumana otsutsa mpata. Chipani chikakhala kotsutsa chimalonjeza kuimasula, chikalowa m'boma lonjezolo limazilala. N'chifukwa chake mawailesi oima paokha monga Zodiak, yomwe idayamba mu 2005, adakopa anthu mwamsanga.

Apa ndi pamene pagona nzeru ya laisensi. Ndalama ikamachokera kwa oonera mwachindunji, nduna ya zachuma singaopseze mkonzi wa nkhani kuti bajeti ya chaka chamawa idulidwa. Si chitetezo chokwanira, monga taonera pa nkhani ya Motsoeneng, pakuti andale amalowererabe posankha bodi ndipo ndi nduna imene imavomereza mtengo wa laisensi. Kusakwera kwa R265 kuyambira 2013, pamene mitengo ya zinthu zonse yakwera, nakonso ndi njira yofooketsera wailesi mwakachetechete.

Maiko ena achita bwanji?

Ochepa ndi amene akusungabe laisensi yomangidwa pa TV monga kuno. Britain ikadali ndi laisensi ya BBC, yomwe mu 2025 idafika pa £174.50 pachaka, koma kumeneko imakhudzanso woonera kanema wapompopompo pa foni kapena pa kompyuta, ndipo mkangano wa tsogolo lake ukupitirira pamene chikalata chokhazikitsa BBC chikutha kumapeto kwa 2027. Germany idasintha mu 2013 n'kuyamba kulipiritsa nyumba iliyonse, kaya ili ndi TV kaya ilibe, ndipo kuyambira 2021 mtengo wake ndi €18.36 pamwezi. Italy idaika ndalamayi pa bilu ya magetsi mu 2016, ndipo ozemba adachepa kwambiri. Finland mu 2013 ndi Sweden mu 2019 adaisandutsa msonkho wapadera wotengera zimene munthu amapeza, moti wosauka amalipira zochepa kapena salipira konse. France idathetsa laisensi mu 2022 n'kuyamba kupatsa mawailesi ake gawo la msonkho wa pa zogula. Ku Switzerland anthu adafunsidwa pa voti mu 2018 ngati ndalamayi ithetsedwe, ndipo oposa 70 pa 100 adakana.

Pafupi ndi ife, Zimbabwe idakhazikitsa lamulo mu 2025 loti mwini galimoto aziyamba walipira laisensi ya wailesi ya ZBC asanakonzenso ziphaso za galimoto yake. Njira imeneyi imatolera ndalama, koma siyankha funso loti wailesiyo ikutumikira yani.

SABC yakhala ikupempha msonkho wa nyumba iliyonse. Kodi ungagwire ntchito mu Johannesburg?

Maganizo ake ndi omveka, chifukwa amatseka mng'alu wa mafoni ndi malaputopu umene tatchula pamwamba. Chovuta ndi mawu akuti nyumba. Germany imatha kulipiritsa nyumba iliyonse chifukwa munthu aliyense amalembetsa kumene akukhala. Koma pitani pa bwalo limodzi ku Alexandra, ku Tembisa kapena ku Cosmo City, mupeza nyumba yaikulu kutsogolo ndi zipinda 6 kapena 8 kuseri, chilichonse ndi banja lake, onse akugwiritsa mita imodzi ya magetsi. Ndani adzalipire? Ikaikidwa pa magetsi monga ku Italy, landilodi adzaigawa pa lendi mmene afunira, ndipo ife a m'zipinda zakuseri tikudziwa kuti kugawako sikukhala kokomera wolipira lendi. M'malo a zisakasa, kumene kulibe adiresi kapena mita, msonkhowo sungafike n'komwe.

Padalinso ganizo loti MultiChoice izitolera ndalamayi kwa makasitomala ake, koma kampaniyo idakana poyera. Ndipo msonkho wofanana kwa onse uli ndi chilema chomwe laisensi ili nacho kale: mlonda wa ku Hillbrow ndi mwini nyumba ya ku Sandton amalipira ndalama imodzimodzi.

Ndiye inu mukuti laisensiyi isungidwe kapena ichotsedwe?

Maganizo athu ndi akuti udindo wa anthu wolipirira wailesi yawo usungidwe, koma laisensi ya mtundu uwu yatha ntchito ndipo iyenera kulowedwa m'malo. Lamulo limene anthu 8 mwa 10 salitsata limalanga okhulupirika okha, limadyetsa otolera ngongole, ndipo limaphunzitsa ana kuti malamulo ena ndi ongolembedwa. Lidapangidwira nthawi imene TV inali bokosi limodzi pabalaza, ndipo nthawiyo idapita.

Njira imene tikuona kuti ndi yachilungamo ndi yofanana ndi ya Finland ndi Sweden: kagawo kochepa kotoleredwa pamodzi ndi msonkho wa zimene munthu amapeza, osauka osakhudzidwa, ndalamazo n'kulowa m'thumba lapadera limene nduna singalitsegule kapena kulitseka mwa kufuna kwake, ndipo kuchuluka kwake kuzikhazikitsidwa kwa zaka zingapo ndi bungwe loima palokha. Tikunenetsa za thumba lapaderali chifukwa cha zimene tafotokoza pa funso la MBC. Kuchotsa laisensi popanda mpanda umenewu kungakhale kupereka SABC m'manja mwa aliyense amene wapambana chisankho, ndipo ngati tingasankhe pakati pa zimenezo ndi laisensi yofooka ya lero, tingasankhe laisensi. SABC nayo iyenera kuonetsa poyera ndalama zimene zapita ku nkhani, ku maphunziro ndi ku mawailesi a zilankhulo zazing'ono, mosiyanitsa ndi zimene zapita ku zosangalatsa zopikisana ndi e.tv.

Nanga lamulo latsopano lili pati, ndipo pakali pano ndichite chiyani?

Mu Okutobala 2023 nduna ya zofalitsa nkhani ya nthawiyo, Mondli Gungubele, idapereka ku Nyumba ya Malamulo bilu yatsopano ya SABC. Biluyo sidathetse laisensi, koma idapatsa nduna zaka 3 zoti ipeze njira ina yopezera ndalama, ndipo mabungwe oona za ufulu wa atolankhani adaidzudzula kuti ikuchedwetsa yankho komanso ikupatsa nduna mphamvu zambiri. Mu Novembala 2024 nduna yotsatira, Solly Malatsi wa chipani cha DA, idalengeza kuti ikuchotsa biluyo, zomwe zidabutsa mkangano ndi a ANC m'boma la mgwirizano pa funso loti nduna ili ndi mphamvu yochita zimenezo payokha kapena ayi.

Mkangano wa andale sufafaniza gawo 27 la lamulo la 1999, choncho mauthenga oyendayenda pa WhatsApp onena kuti laisensi idathetsedwa musawakhulupirire pokhapokha Nyumba ya Malamulo itasintha lamulolo. Ngati muli ndi TV, lipirani R265 ndi kusunga lisiti. Ngati mudaitumiza kumudzi, mudaigulitsa kapena idabedwa, tsatirani njira ya afidaviti imene tafotokoza pa funso la TV yotumiza kumudzi. Ndipo ngati mukubwerera ku Malawi kosadzabweranso, tsekani laisensiyo musanakwere basi, chifukwa kalata yolumbira kupolisi ya kuno ndi yosavuta kuipeza mukadali mu Johannesburg kusiyana ndi mutafika ku Lilongwe.